Tsiku Limene Ndinathira Mchere Komputadori ya Alamu Anga

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Entre Lagos, azimayi ogulitsa nsomba amagwira mphuno n'kumaseka. Alekeni aseke. Tsiku limenelo ndinali ndekha ndi mwana wodwala, ndipo inunso mukanathawa.

Amuna anga, bambo a Lusiya, amagula makumba ndi milamba kunyanja ya Chiuta n'kumasunga mu jeleira, firiji ya sola, kudikira ogula obwera pa komboyo, sitima ya pamtunda ija. Mng'ono wawo, alamu anga a Jeremiyasi, amakonza makomputadori ku Cuamba. Atabwera kudzacheza anatisiyira kakomputadori kakale pabalaza, zingwe zake zikupita ku jeleira ndi ku mabatire. Ntchito yake akuti ndi kuyang'anira: kuzizira kwa jeleira, mphamvu ya batire, ngakhale kutentha kwa thupi lake lomwe. Kakaona cholakwika, kamawauza pafoni.

Ndinawafunsa kuti purogarama yanzeru chonchi anaigula kuti.

"Njaulere, mlamu. Ilibe mwini. Amailemba anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense akhoza kusuzumira m'kati mwake n'kukonzamo. Pakapita kanthawi amatulutsa yatsopano, ine n'kuilowetsa ndili ku Cuamba konko."

"Anthuwo mumawadziwa?"

"Nkhope zawo ayi."

"Nanga amawalipira ndani?"

"Ambiri salipidwa. Amangoikonda ntchitoyo."

Ine sukulu ndinalekeza kinta kalasi, chaka chachisanu, koma izi ndimazidziwa: anthu ogwira ntchito osaoneka, osalipidwa, osafuna n'chakudya chomwe, kwathu kuno timawatchula ndondocha. Mkazi wokwatiwa kumene sutsutsana ndi alamu ophunzira, koma kuyambira pamenepo ndinkasesa pabalaza nkhope ili kukhomo.

Tsiku la tsokalo linali la mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Bambo a Lusiya anali kunyanja, kumene foni sigwira. Anthu ambiri anali kumadimba, mudzi uli zii, ngakhale nkhuku sizinkalira. Lusiya anali kumera mano, thupi lili moto. Ndinanyowetsa tinsalu tiwiri n'kutiika mu jeleira kuti tizizire (amuna anga amaletsa kutsegulatsegula, koma anali kuti?). Kenako ndinatenga kamodzi n'kumuika mwana pamphumi. Kuti kansalu kachiwiri kaja kanapanika pachivundikiro, jeleira osatsekeka bwino, ine sindinaone.

Ndili chogona pamphasa ndi mwana, ndinamva munthu akulankhula pabalaza. Mzimayi. Mawu ofatsa, osapupuluma, a Chingerezi. Analankhula, nakhala chete, nabwereza zomwezo.

Ndinati, "Ndani?"

Zii.

Ndinasuzumira. Munalibe munthu. Koma kakomputadori kaja, kamene chibwerere sikanatsokomoleko n'kamodzi komwe, kanali katayaka kokha. Mzere umene masiku onse unkagona wobiriwira unali utafiira, ukukwera pang'onopang'ono. Ndinamugwira Lusiya: kutentha. Ndinayang'ana mzere: wakwera. Ndinamugwiranso: kutentha koposa. Abale, ndani sakanaphatikiza ziwirizi? Ndinadziwa kuti ndondocha zija zatumiza mkazi wawo kudzayeza mwana wanga ngati wapsa.

Choyamba ndinakafunditsa kapulana, chitenje changa, kuti kasamuone mwana. Posakhalitsa m'kati mwa kapulanamo munayamba kupuma, fuu, fuu, ngati munthu wothamanga, ndipo mayi uja anawonjezera mawu ena atsopano. (Pambuyo pake ndinauzidwa kuti kankadandaula kutentha. Ndinakaphimba pokokera mpweya.) Ndinawonjezera bulangeti. Kupuma kunakula.

Ndinabereka mwana n'kuthamangira kwa amayi a Saidi, oyandikana nafe, amene anali kuyanika matemba kuseri kwa nyumba yawo. Anabwera, koma anaima pakhomo, phazi limodzi lili panja. Mayi uja analankhulanso.

"Mwanangu," ananong'ona, "ameneyu wamulowetsa ndani?"

"Alamu."

"Eee. Akudya chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye akudikira chakudya chake." Anayang'ana Lusiya kumsana kwanga. "Ine sindilowa, ndili ndi udhu, ndasamba kale kukonzekera mapemphero. Tenga mchere. Ngati ndi wabwino, mchere sumupweteka."

Ndinatapa mchere wothira nsomba, wa miyala uja, wodzaza manja awiri. Ndinavundukula bulangeti, maso nditatsinzina, n'kuthira m'timabowo tonse. Munamveka thetheterere, kenako kafungo ka waya wopserera. Mayi uja sanasiye. Anangosasa mawu, akulankhula moduladula ngati wotsamwa, ndipo zimenezi zinaopsa kuposa poyamba.

"Zula mizu yake!" anakuwa amayi a Saidi, ali kale pansi pa mtengo wa mango.

Ndinazula zingwe. Sindinasankhe. Chilichonse cholowa ku batire ndinachikoka, mpaka m'nyumba monse munati duu. Jeleira nayo inasiya kung'ung'udza, ine n'kumathokoza Mulungu kuti onse apita limodzi.

Ndisanapume n'komwe, foni inalira. Alamu.

"Mlamu, mwasiya jeleira yosatseka. Komanso bwanji zonse zazima? Mwagwira chiyani?"

Munthu ali ku Cuamba! Sindinauze aliyense kuti ndatsegula jeleira. Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana m'ngodya, ndinayang'ana pansi pa bedi. "Mlamu? Mlamu, mukundimva?" Ndinaizimitsa foni, ndinaiponya m'mtsuko wopanda madzi, ndinakhoma chitseko, ulendo wa kwa amayi anga cha ku Chiuta, wapansi, osacheuka. M'njira monse ndinkamuitana Lusiya dzina lina kuti otitsatira asokonezeke.

Ku posto, kachipatala ka kumeneko, anamwino anati ndi mano chabe. Mawa lake thupi linazizira, mwana n'kuyamba kuseka. Ndinakhalabe kwa amayi masiku angapo, kudikira kuti nyumba ipole.

Nyumba sinapole. Bambo a Lusiya anafika ndisanabwerere, ali ndi wogula wochokera ku komboyo. Akuti fungo linawachingamira kumsewu, agalu a mudzi wonse atazungulira nyumba ngati pali msonkhano. Wogulayo sanafike n'pakhonde pomwe. Nsomba zonse anakazikwirira kudambo, ndipo nditabwera amuna anga anangondifunsa, "Mcherewo bwanji sunathire nsombazo?"

Alamu atabwera ndi kakomputadori kena anapepesa. Akuti m'mawa wa tsikulo analowetsa purogarama yongotuluka kumene, osadziwa kuti anthu aja awonjezeramo mawu ochenjeza amene amayaka okha. Mayi uja ankangonena kuti jeleira ikufunda. Alamu anawalembera anthu aja zonse zimene zinachitika, mchere womwe, ndipo mu purogarama yotsatira anakonza: tsopano salankhula pokhapokha mwini nyumba atamupempha.

"Mwathandiza anthu ambiri, mlamu," anatero akuseka. "Wina wa kutali kwambiri wayankha. Akupepesa, ndipo akufunsa kuti mwana ali bwanji, dzina lake ndani."

Kale anthu amenewa sankandidziwa, lero akufunsa za mwana wanga.

Ndaphunzira kutseka jeleira bwinobwino, ndaphunziranso kuti mchere ndi waya sizigwirizana. Koma alamu ndinawauza kuti amuyankhe munthuyo mwaulemu: mwana ali bwino, zikomo, ndi wamwamuna, ndipo tinamutumiza ku Malawi.