Tambala wa a Pulofesa Ostap

Ku Thamesmead kuno, mumzinda wa London, aliyense ankadziwa kuti ukamadya nkhuku pamaso pa a Pulofesa Ostap, nyama ndi yako koma mafupa ndi awo. Malemuwa akakugwira chanza sankafunsa za moyo. Ankayamba kukupapasa zala ngati akufuna kuzigula.

Kwawo kunali ku Ukraine, komwe anaphunzitsa madokotala a ziweto za kapangidwe ka matupi a nyama kuyambira tsitsi lili bii mpaka dazi litafika kunkhongo. Ankati ku yunivesite kwawoko anali ndi chipinda chodzaza mafupa olumikiza ndi waya: hatchi, ng'ombe, ngakhale ngamila, zonse zili chilili ngati zikudikira basi. Nkhondo itabuka anathawa ndi sutikesi imodzi, n'kudzapeza fulati yoyang'anizana ndi ya mayi Betty, omwe amasamalira okalamba ku Greenwich. M'sutikesimo munali malaya awiri ndi chigaza cha nkhosa.

Tsiku loyamba anakumana m'lifiti.

"Mayi, bondo lamanzereli munavulala muli mwana," anatero a Pulofesa m'Chingerezi chawo chothyokathyoka.

"Ndinagwa mumtengo wa mango ku Salima. Mwadziwa bwanji?"

"Mukuyenda ngati ng'ombe ina yomwe ndinkaikonda kwambiri."

Mayi Betty anasowa kuti athokoze kapena akwiye. Anangoti zikomo.

Tsiku lina mayi Betty anawapeza a Pulofesa m'basi ali ndi mutu wa nkhumba wochokera kubutchala, ataupatsa mpando wakewake wapawindo. Dalaivala atadandaula, iwo anangoti, "Uyu saphokosa ngati enawa."

Ndiye panabwera nkhani ya Chiye, mwana wa mayi Betty, yemwe ankaphunzira unamwino wa ziweto. Mayeso a mafupa anali atamugwetsa kale, ndipo kukoleji anamuuza kuti akalepheranso, basi, kosi yatha. Mtsikanayo ankangokhalira kuloweza zithunzi pafoni, misozi ili m'maso.

"Fupa saphunzirira pagalasi," anatero a Pulofesa. "Fupa amaligwira. Ndipezereni tambala wathunthu, wolimba, osati zofewa za m'sitolozi."

Wokasaka tambala wachikuda ku Woolwich atatsika shifiti anali mayi Betty. Womuwiritsa pang'onopang'ono, kupala timafupa ndi mswachi, kutiyanika pahita yotenthetsera m'nyumba, analinso iwo. A Pulofesa ntchito yawo inali kuima manja kumbuyo n'kumatchula mayina a Chilatini. Nyama ya pantchafu imodzi inakanirira, choncho mayi Betty anaibwezera mumphika kuti ifewe.

Apo ndi pomwe anafika a Bonface, bambo a Chiye, kuchokera koyendetsa basi. Anavundukula mphika, n'kuchita zomwe mwamuna aliyense wa ku Ntcheu akanachita.

M'mawa mwake a Pulofesa anayala mafupa patebulo, n'kuima njii.

"Ntchafu yamanzere ili kuti?"

Mayi Betty anatembenuka pang'onopang'ono. "Bambo a Chiye?"

"Ine ndinangolawa."

"Nanga fupa lake?"

"Amayi, fupa la nkhuku yachikuda n'kutaya? Ndinakula bwanji ine?"

"Dadi, mwadya mayeso anga!" anakuwa Chiye.

A Pulofesa anawayandikira a Bonface, nkhope ili gwaa. Aliyense ankati pavuta. Koma iwo anangowagwira chibwano, n'kuwayasamitsa.

"Lonse? Osatsala n'kachidutswa komwe?" Anapukusa mutu mogoma. "Nsagwada za fisi zenizeni. Mukadzamwalira, bambo, mudzandisungire."

"Mudzayambe ndinu, achikulire!"

Wobwerera ku Woolwich anali mayi Betty yemweyo, mvula ili mkati. Tambala wachiwiri anapezeka wamfupi, moti Chiye atalumikiza ntchafu yake kumafupa a woyamba uja, mbalameyo inaima mopendekera kumanzere.

"Akutsimphina ngati amayi ako," anatero a Pulofesa. "Ndi wa m'banja momwemu."

Anamuphwasulitsa, kumumangitsanso, kumuphwasulitsanso, mpaka Chiye ankatha kutchula fupa lililonse atatsinzina. Mayeso aja anakhoza.

Tsiku la chisangalalo, anthu akuvina, a Pulofesa anakhala phee akuyang'ana zala za mayi Betty, zong'aluka ndi waya ndi madzi otentha.

"Hatchi ija, ngamila ija," anatero motsitsa mawu, "ankawiritsa ndi kulumikiza anali malemu mkazi wanga, Halyna. Pachitseko panalembedwa dzina langa lokha." Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Wina akafunsa za tambalayu, muziti ndi wa Betty."

 Mayi Betty anangowawonjezera tiyi.

A Pulofesa anatisiya nyengo yozizira yapitayi, ali khale pampando wawo, chigaza cha nkhosa chili pambali. Masiku ano m'lifiti palibe amene amakuyang'ana mwendo. M'basi mpando wapawindo amakhalapo anthu wamba. Tambala uja ali pawindo la mayi Betty, chipendekere.

A Bonface anasiya kutafuna mafupa, ngakhale palibe anawaletsa. Akatha kudya amawandandika bwinobwino m'mphepete mwa mbale. Ndipo mayi Betty amawatsukabe ndi mswachi uja, mpaka atakumbukira kuti chitseko cha kutsidyacho akagogoda atsegula ndi munthu wina.