Chibangili cha apongozi

Anzanga, buku la mzungu si lobwereka mwachisawawa. Ndili mphunzitsi wachinyamata kwa Mlolo, zaka zija za makadi a chipani, wansembe wa ku mishoni anandibwereka buku la nthano lonena za chibangili chamatsenga. Wochivala amapeza mphamvu, koma mtima umamuwolera pang'onopang'ono mpaka safunanso kuchivula. Ndinawafunsa ngati zoterezi zimapezeka kwawoko, iwo nkuseka, amvekere chibangilicho si chibangili ayi, ndi chizindikiro cha ulamuliro. Chibangili chosakhala chibangili? Ndinavomera ngati ndamva, chonsecho mutu uli balala.

Ndiye ndinati ndikaphunzitse ana, mwina nane ndimvetsa. Chophunzitsira ndinatola chibangili chamkuwa cha apongozi anga aakazi, chimene anavula posinja mapira. Kupempha ndikanapempha bwanji, poti mkamwini ndi apongozi timapatukirana ndi njira yomwe?

M'kalasi ndinachikankha mpaka chinalowa pamkono, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ine nkuyamba kulalikira ndithu: wovala ichi savulanso, amakakamira mphamvu mpaka imfa, abale ake omwe amawaona ngati adani! Ana onse zii. Ndinkati phunziro lawalowa, osadziwa kuti akuyang'ana pawindo, pomwe panaima a Fombe, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, atabwera kudzaona makadi.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "wokakamira mpaka imfayo ndani?"

Mayo ine! Masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa awa, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati. Za chizindikiro zija ndinazitaya pomwepo, nkulumbira pali Mulungu kuti sindikunena munthu, ndikunena chibangili chenichenichi, ndi chamankhwala. Anati ndivule aone. Kukoka, osatheka. Kupotoza, osatheka. Mkono watupa ndi kutentha! Ana anathawa akukuwa kuti aphunzitsi agwidwa ndi chithumwa, ine osadziwa ngati ndikondwe kuti bodza langa lakhala loona kapena ndilire. Kunena zoona, panthawiyo nanenso ndinayamba kuchiopa.

Posakhalitsa mudzi wonse unali pasukulu. Pakati pa khamulo panatulukira apongozi, amene anali atasakasaka chibangili chawo m'mawa wonse, atanyamula kachidutswa ka sopo. Anthuni, munaonapo apongozi atagwira mkono wa mkamwini anthu akuonerera? Iwo nkhope kum'mawa, ine nkhope kumadzulo, akupaka sopo uku akung'ung'udza m'Chisena, azimayi akubisa kuseka m'zitenje. Chinavuka, pamodzi ndi kakhungu kanga. Manyazi ake ndinalakalaka ng'ona ya m'Shire itangonditenga.

A Fombe anati ine ndilibe mlandu, ndine chitsiru chabe, koma chibangilicho achitenga akachifufuze. Apongozi analeka kundiikira ndiwo, mkazi wanga nkundituma kwa a Fombe kuti ndikachipemphe. Ndinawapeza pakhonde atachivala, chili khwekhwerere pakamkono kawo kowondako, moti akanangotsitsa dzanja chikanagwa chokha.

"Pepani aphunzitsi," anatero akuchisisita, "chikukana kuvuka."

Mpaka lero sindidziwa ngati wansembe uja ankanena zoona kapena ngati apongozi anali ndi mankhwaladi. Koma zizindikiro ndinasiya, abale. Ndimaphunzitsa masamu basi.