Marimu a Bwana ndi Ambulansi Yogona pa Njerwa

Kwa Bwana Mkulu,
Esiteti ya Tiyi ya Mwalawanjuchi,
Thyolo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, mawondo onse awiri ali m'matope. Ndine Hopeson Namakhwa, wothyola tiyi amene sikelo imayamba kunjenjemera ikangomuona. Sukulu ndinalekeza sitandade 5, chifukwa aphunzitsi anatha zondiphunzitsa.

Ndalemba kuthokoza msonkhano wa Lachiwiri. Belu litalira tinathamanga, tikuganiza kuti mwatiitanira nkhani ya ambulansi ya esiteti, ija yakhala pa njerwa chichokereni mawilo ake. Koma inu, mwa nzeru zanu zakuya, munatiitanira zazikulu kuposa pamenepo: kuti tikuthandizeni kusankha marimu a mawilo a galimoto yanu yofiira yothamanga ija, a kaboni faiba kapena a aluminiyamu wochita kusula. Ati kampani yamakono imamva maganizo a antchito. Nawa anga.

Choyamba, a kaboniwo ndi opepuka, sindikutsutsa. Rimu yachitsanzo munatipatsa kuti tigwire ija ndinainyamula ndi chala chaching'ono, chiperoni n'kuwomba, pang'onong'ono ndikadatera pamwamba pa phiri la Mulanje. Akuti kupepukako kumathandiza galimoto kukhota bwino ikamathamanga. Zoona zake. Tsiku lija tinainyamula galimotoyo pamapewa kuwoloka kamtsinje ka kuseri kwa fakitale, inakhota bwino kwabasi, makamaka mbali yomwe ndinagwira ine.

Chachiwiri, mwatiuza kuti ya kaboni ikagunda dzenje imasweka ngati mbale yadothi, pomwe ya aluminiyamu imangopindika. Apa musadandaule, Bwana. Maenje a msewu wathu si ankhanza, timawadziwa ndi mayina. Lina lija la pafupi ndi tchalitchi linameza mbuzi ya a Fraser, akapitawo athu, n'kuibweza patapita sabata ili ndi ana awiri. Rimu yanunso lidzakubwezerani. Komabe ine voti yanga ndaponya kwa aluminiyamu. Ikapindika, pa Luchenza pali mlamu wanga wokhoma zidebe, aiwongola ndi hamala mukumwa tiyi. Ikakanika, atulutsamo mapoto atatu ophikira kalongonda, ndi supuni ya basela. Nanga kaboni ikasweka tiphikiramo chiyani?

Chachitatu, ndikuyamikireni pa za ambulansi. Anthu amiseche akuti yafa. Bodza! Chiikireni pa njerwa sinachitepo ngozi ngakhale imodzi, mafuta siikumwa, ndipo uchembere ukuyenda bwino m'menemo kuposa kale: nkhuku ya a Leonard, dalaivala wake, yaswa kale kawiri pa mpando wa wodwala, anapiye onse amoyo. A Leonardwo amabwerabe m'mawa uliwonse, kupukuta galasi, kuliza hutala, kukhala pa chiwongolero mpaka nthawi yowerukira. Dalaivala wosamala chonchi simungamupeze ngakhale ku Limbe.

Tsono pali kankhani kakang'ono, kosayenera kufanizidwa ndi marimu. Mayi a kunyumba kwanga, a Rhoda, ndi oyembekezera, ndipo mwezi wawo ndi uno. Anamwino anena kuti mwana wakhala chopingasa, matenda akangoyamba tithamangire ku chipatala cha pa Boma, osazengereza. Ndinayesera kuwakweza pa wilibala kuti tione ngati zingatheke. Liwiro ndinali nalo, agalu onse a pa mzere wa nyumba zathu anatsalira m'mbuyo, koma potsetsereka paja wilibala inafika pansi yokha, ine pambuyo, a Rhoda m'tiyi. Mpaka lero sakundiyankhula. Wakabaza naye wakana, akuti njinga yake sinyamula anthu awiri pa mtengo wa mmodzi, makamaka wina atakhala chopingasa.

Choncho pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka chipewa chili m'manja. Mukasankha marimu atsopano, akale anayiwo musawakolowekenso pakhoma la ofesi ngati zithunzi za makolo. Tibwerekeni tiveke ambulansi. Akapanda kukwana, mlamu wanga uja awakwanitsa, hamala yake siidziwa kukana.

Zikavuta, tibwerekeni galimoto yofiirayo tsiku la a Rhoda. Makiyi musatipatse, sitikuwafuna. Tidzawagoneka m'katimo, amuna asanu ndi atatu n'kuisenza pamapewa monga mwa masiku onse, ulendo wa pa Boma. Marimu anu sadzakhudza pansi ngakhale pang'ono, ndalumbira. Pa chifukwa chimenechi, Bwana, voti yanga ija ndaisintha: gulani a kaboni, mapewa athu apumeko.

Mwana akabadwa wamoyo tidzamutcha Kaboni, kukumbukira inu. Zikapanda kutero, tidzabweranso kudzabwereka galimoto yomweyo, ndipo ulendo umenewo sudzafuna liwiro.

Ine wanu wopepuka kuposa rimu,

Hopeson Namakhwa
Wothyola tiyi, wonyamula galimoto