Chipsera cha a Morag

Lolemba

Yafika! Yofiira, yaitali moti chitseko cha galaja yomwe ndikuchita lendi kuno ku Govan chikutsekeka mokakamiza. Galimoto yakalekale ya ku Amereka, zitseko ziwiri, injini ya masilinda eyiti, chiwongolero kumanzere. Ngati mu Glasgow muno muli inzake, ine sindinaione, chonsecho ndimayendetsa basi, msewu ndimakhala ndikuuyang'ana tsiku lonse.

Andigulitsa ndi a Archie a ku Maryhill, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Anabwera nayo pa sitima ali mnyamata. Pano maso awo anatha, sayendetsanso. Anthu olemera anaifuna, anawakaniza. Ine andipatsa chifukwa ndalonjeza: chilichonse ndibwezeretsa mmene chinachokera ku fakitale, kupatula malo amodzi. Pa chitseko cha dalaivala pali popindikira m'kati, kukula ngati chikhatho. Malemu akazi awo, a Morag, anagunda mtengo wa nyale ya mumsewu tsiku lomwe ankaphunzira kubwerera m'mbuyo. A Archie akuti chipsera chimenecho ndisachikhudze. Abwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi kudzachigwira.

Zochita sabata ino:
kutsuka injini pang'onopang'ono, ndi mswachi
kuitanitsa paipi yamafuta yeniyeni
osapenta, osapala, osathamanga

Apongozi anga, bambo awo a mayi a Tadala, ali kuno kuchokera ku Ndirande kudzaona zidzukulu. Moyo wawo wonse ntchito yawo inali kuwongola magalimoto ophwanyika. Aizungulira, aima pa chitseko, apititsapo chala. “Mkamwini, izi ndi zochepa.” Ine ndaseka mwaulemu, maso pansi. Mtima sunaseke.

Lachiwiri

Ndaweruka, makiyi a galaja palibe pa msomali wa kukhitchini. Ndathamanga.

Ndawapeza apongozi atavala ovolosi yanga, akuimba nyimbo ya m'buku. Zomwe zachitika ine ndikunyamula anthu mumvula:
timapepala ta ku fakitale tomwe tinamatidwa pa injini, akwecha ndi sitiliwulo
zilembo za choko zomwe wantchito wa ku Amereka analemba pansi pa boneti ine ndisanabadwe, apukuta
matayala apaka polishi wa nsapato, wanga

Anthu odziwa magalimoto amenewa amayenda ulendo wautali kukangoona choko chimenecho. Apongozi akuti, “Mzungu ameneyu anali wauve.”

Ndathokoza. Ndawomba m'manja ndithu, ndathokoza! Ndinene chiyani? Chikwatirireni sindinawatsutsepo pamaso. Mkamwini akakhala ndi nkhani ndi apongozi amaidutsitsa kwa mkazi wake, ndi mmene anandilerera. Koma mayi a Tadala sabata ino ali pa mashifiti aatali kuchipatala, akafika kunyumba amagona nsapato zili kuphazi.

Chipsera chikadalipo. Makiyi ndawabisa m'chitini cha mpunga.

Lachitatu

Patebulo m'mawa, apongozi akuthira shuga mu tiyi, osandiyang'ana n'komwe: “Makiyi aja sindikuwaona.” Sanafunse, angonena. Ndadzuka, ndapisa mu mpunga, ndawapatsa ndi manja awiri. Munthu wa imvi zoyamba, woyendetsa basi yosanja mu mzinda wa azungu, ndapereka makiyi a galaja yanga nditanjuta.

Madzulo ndapeza injini ikulira. Zoona ikulira, galaja yonse ikunjenjemera, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala mkwiyo. Kenako ndasuzumira. Paipi yeniyeni ikadali m'njira kuchokera ku Amereka, iwo adula paipi yothirira maluwa, amanga ndi waya ndi malegeni a chubu cha njinga ya Tadala. Akuti ku Ndirande minibasi yomangidwa chonchi imafika ku Nsanje n'kubwerako.

Ayambanso kuyang'ana chiwongolero moipidwa. Akuti chili kolakwika, koma akhoza kuchisamutsa akapeza makina owotcherera.

Ndawadikirira mayi a Tadala pakhomo. Ndafotokoza zonse, za a Morag, za lonjezo, za choko. Amva ali chitsinzinire. “Chimwalirire amayi, aka n'koyamba kuwamva bambo akuimba. Ndiwauza, koma osati lero.” Ndikuwamvetsa, ndipo n'chomwe chikundikwiyitsa kwambiri.

Lachinayi

Njira zomwe ndayesa lero:

Yoyamba, ndakankha galimoto kuti chitseko chija chitsamire khoma. Ndapweteka msana. Iwo aibweza pakati, okha, munthu wokalamba chonchija.

Yachiwiri, kulankhula mozungulira monga achitira anthu aulemu. Ndati, “Bambo, kuno ku Ulaya magalimoto ena akale amawakonda ndi zipsera zawo zomwe.” Agwedeza mutu mwachisoni. “N'zoona, amisiri kuno kulibe. Musadandaule, mkamwini, ine ndilipo.”

Yachitatu, ndatuma Tadala akawauze kuti chitseko asachikhudze, poti iye anabadwira konkuno, ulemu wozungulira saudziwa. Waima pakhomo la galaja, chingamu m'kamwa: “Grandpa, Dad says gonnae no touch the door.” Agogo ake Chingerezi cha ku sukulu ya mishoni amachimva bwinobwino, koma cha ku Govan amangochisekerera. Amupatsa switi. Chichewa cha mwanayu chimathera pa “ndili bwino, kaya inu”, ndipo wolakwa ndine.

Pa mipando yachikopa, yomwe sinang'ambikepo chichokereni ku fakitale, ayalapo tinsalu toluka ta pa sofa. Akuti kumbuyo kukufunika mawu, ngati a pa minibasi. Akusankha pakati pa “Zonse ndi Nthawi” ndi “Ambuye Ndi M'busa”.

Mawa ndiwauza ndekha. Ndayeserera m'basi, pa magetsi ofiira aliwonse. Mayi wina wandifunsa ngati ndili bwino.

Lachisanu

Chapita.

Ndalowa m'galaja mawu ali okonzeka pakamwa, ndawapeza atakhala pa ndowa, manja pa mawondo, akundidikira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anachotsa chikuto cha m'kati mwa chitseko, agogoda kuchokera kuseri ndi kanyundo ndi kathabwa, tsiku lathunthu. Penti sinathetheke ngakhale pang'ono. Chitseko chili see, ndadziona nkhope. Ntchito yokongola, sindinama. Ndikanatha kulira.

“Mwana wanga sangayende m'galimoto yopindika ine ndili moyo. Anthu angati kwawo kulibe anthu.”

Ndathokoza. Ndawombanso m'manja.

A Archie aimba foni madzulo, akuti agula tayi yatsopano ya Lamulungu, ndipo akufunsa ngati Morag wawo ali bwino. Galimoto sakuifunsa, akufunsa chitseko. Ndati zonse zili m'malo mwake. Ndanamiza mkulu wa mpingo wosaona.

Loweruka

Mayi a Tadala apuma lero, atenga bambo awo kukagula jekete ku Shawlands. Ndawanong'oneza kuti za kuwauza zija azisiye, madzi atayika kale.

Ndatsala ndekha ndi galimoto yomwe ndailota kuyambira ndili mwana, nyundo m'manja. Ndakulunga nyundo ndi thaulo. Ndapempha chikhululukiro kwa galimoto, kwa a Morag, kwa wantchito wa choko uja. Ndamenya chitseko.

Koyamba sichinamve, zitsulo zakale si masewera. Kachiwiri chalowa, koma m'munsi kwambiri, ndipo chikuoneka ngati pagunda bondo la ng'ombe. Komabe chipsera ndi chipsera. A Archie saona. Ndikudziwa kuti maganizo amenewa ndi oipa, ndawaganiza basi.

Ndapita kukasamba. Ndatuluka, pa msomali palibe makiyi.

Dzuwa likulowa apongozi abwera akupukuta m'manja, jekete yatsopano ili ndi girisi. “Ana a kuno ndi osaleredwa. Wina analowa, wamenya chitseko chathu. Koma ndakonza.” Akuti kuyambira lero makiyi azisunga okha, poti ine ndine wosasamala.

Chitseko chathu!

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. A Archie akhala kutsogolo ndi tayi yawo yatsopano, yobiriwira.

Tafika ku galaja tonse. A Archie ndawagwira mkono mpaka pa galimoto. Boneti sanaikhudze, injini sanaifunse, tinsalu toluka sanatione. Apita molunjika pa chitseko, ayala chikhatho pomwe pankakhala chipsera. Apititsa dzanja kumanja, kumanzere, m'munsi. Abwereza. Kenako angoima, dzanja lili pomwepo, misozi ikutsika. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Apongozi andiyandikira. “Mkuluyu akulira chiyani? Ntchito sinawasangalatse?”

Ndiye ndawauza. Ndekha, pamaso, popanda mkazi kapena mwana pakati. Za a Morag, za mtengo wa nyale, za lonjezo, ndi kuti mwana wosaleredwa wa dzulo uja ndine. Ndimayembekezera kuti denga ligwa. Avula chipewa, ayang'ana wamasiye mnzawo.

“Nanga bwanji simunanene, mkamwini?”

Bwanji sindinanene. Sabata yathunthu.

Atenga nyundo, opanda thaulo. Aima pa chitseko, akweza dzanja, alitsitsa. Akuti moyo wawo wonse sanapindepo galimoto, sayamba lero, pa Sabata. Aika nyundo m'manja mwa a Archie, awagwira dzanja linalo n'kuliika pamalo pake, kenako alichotsa.

A Archie amenya. Penti ya ku fakitale yathetheka, yagwa pansi ngati makoko a dzira. Apapasa, aganiza pang'ono, apukusa mutu. “Ayi. Morag ankathamanga kuposa pamenepa.” Amenyanso.

Pano akulu awiriwa akhala m'galimoto, pa tinsalu toluka, injini ikulira ndi paipi ya maluwa. Wina akulankhula Chingerezi cha ku Maryhill, wina Chichewa cha ku Ndirande, aliyense akunena za mkazi wake, ndipo akuvomerezana. Ine ndili panja, ndakhala pa ndowa.

Paipi yeniyeni akuti ifika mawa. Makiyi ali ndi apongozi.