Nyimbo Yomwe Inkatsika

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma ndiinena ndekha adani anga asanaithire mchere.

Zaka za m'ma 90 ndinkatsogolera kwaya ya mpingo wathu ku Kapata. Mpikisano wa makwaya unali pafupi, ndipo akulu a mpingo anandiuza maso ndi maso kuti tikagonjanso, kwaya aipereka kwa wina.

Mlamu wanga anandibweretsera kaseti ya ku Malawi. Nditaiika m'wailesi, ndinamva zodabwitsa. Nyimbo inayamba mwamphamvu, kenaka n'kumatsika, n'kumachedwa, mpaka vesi lomaliza amuna ankangobuula ngati ng'ombe yodwala.

"Genius! Katswiri weniweni!" ndinakuwa. "Wopeka nyimboyi akuonetsa mmene moyo wa munthu umathera!"

Nthawi iliyonse ndikaimveranso, inkatsika kuposa dzulo. Ine n'kumati khutu langa likukhwima. Ndinailemba pa pepala, kutsika kwake konse, ndipo tinayeserera milungu itatu.

Tsiku lina Amayi Tembo, oimba alto, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kodi nyimboyi siikudwala?"

"Amayi, luso lenileni silimveka kwa aliyense. Tsikani!"

Anatsika.

Tsiku la mpikisano, kwaya ya alimi a ku Madzimoyo inaimba ife tisanalowe. Nyimbo yake yomweyo! Koma iwo anaithamangitsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akuvina, nthungululu zili pokopoko.

"Amvetsa chisoni," ndinanong'oneza Amayi Tembo. "Sanaimvetse."

Tinalowa ife. Vesi loyamba, bwinobwino. Lachiwiri, anthu anayamba kuyang'anana. Lomaliza tinatsika mpaka a bass anatha mawu, n'kutsala mpweya wokha. Ndinatembenuka monyada kudikira m'manja.

Tchalitchi chonse zii!

Kenaka mdala wina kumbuyo anaimirira.

"Aphunzitsi! Kwaya yanu yatha mabatire!"

Anthu anagwa nacho chiseko, oweruza omwe. Pomwepo ndinakumbukira mabatire a wailesi yanga, amene ndinkawayanika padzuwa m'mawa uliwonse m'malo mogula ena.

Kwaya anandilanda Lamulungu lotsatira. Zinandipweteka, sindinama. Koma kupepesa ndiye ayi! Kuthamangitsa nyimbo angathe aliyense. Tayesani kuphunzitsa anthu makumi atatu kufa limodzi ngati batire, wina osatsogola, wina osatsalira, muone ngati n'zamasewera. Amene anapambana tsiku lija anaiwalika kale, koma ine mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa Kapata, azimayi amayamba nyimbo yanga n'kumatsika nayo.

Musanatche munthu genius, yambani mwagula mabatire atsopano.