Mkonono wa Wapampando Ukapimidwa ndi Mawaya

M'mudzi wina, womwe sindiutchula dzina poti ndimagulako tomato, munamveka mphekesera yoti a Fodiyasi Kamchacha, Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Mjigo ndi Zonyowa Zonse, amamwalira pang'ono pamsonkhano uliwonse. Ine sindinatsutse kwenikweni, poti ndinaonako ndi maso angawa. Munthu akangofunsa za mapaipi a mjigo omwe anasowa, mutu wa bwana unkagwera pachifuwa, mkonono n'kuyamba ngati chigayo cha dizilo, kenaka zii, mpweya osatuluka. Amayi ankawakupiza ndi zitenje, wofunsa uja n'kukalipiridwa kuti akufuna kupha wodwala. Mjigo osakumbidwa, anthu n'kumamwabe kudambo limodzi ndi ng'ombe.

Mlembi wa komiti analengeza kuti nthendayi ndi yachizungu, imagwira anthu audindo okhaokha. Mayi Nangozo, akunyumba awo a Wapampando, anavomereza misozi ili mbwembwembwe: kunyumba bambo amagona bwinobwino, nthendayo imalemekeza pakhomo. Mudzi unasonkha nkhuku ndi mtedza kuti akapimidwe m'tauni, kuchipatala komwe ntchito ya wodwala n'kugona basi. Mayi anaperekeza.

Kumeneko anawamata mawaya m'mutu, lamba pachifuwa, kachubu m'mphuno, kopanira pachala. A Kamchacha anagwira ntchito modzipereka: mkonono wapamwamba, kubanika kwaulemu, kamwendo n'kumagwedezako.

Kutacha, namwino anati makinawo amadziwa ubongo ukagona, ndipo wa bambowa sunagone n'komwe. Amene anapeza tulo ndi mayi, pampando.

"Makina anuwa sadziwa maudindo," anatero Wapampando.

"Palibe vuto, bambo. Tipimanso lero, mawanso. Mpaka mugone."

Kuliza mkonono uli maso ndi ganyu wowawa. Mapeto ake bwana analefuka n'kugonadi, mwakachetechete ngati khanda, mpweya uli myaa. Adokotala anawayamikira kuti pammero pawo ndi pabwino kuposa pa mnyamata wa kwaya.

Pobwerera, m'minibasi, Mayi Nangozo anatembenukira kwa amuna awo. Mayiwo anali atayamba kale kufunsa mtengo wa nsalu yakuda.

"Bambo a Tiyese, nanga kufa kuja mumafa pamsonkhano?"

Izi ndinamva kwa kondakitala, mwana wa mchemwali wanga, yemwe sanama kawirikawiri. Akuti a Kamchacha anayang'ana kunja, n'kunong'oneza mkazi wawo:

"Mayi, khola la nkhumba lija mumalitama kwa anzanu kuti chiswe chinalephera, mumayesa mizati yake ndi mitengo?"