Chimera cha a Mphonde

Mukufunsa kumene mwambi uja unachokera? Khalani pansi, ana inu, unayamba motere.

Kunali bambo wina dzina lake a Mphonde, munthu wosakhulupirira aliyense. Ukawapatsa moni ankayamba aganiza kaye chimene ukufuna. Ine ndinkawadziwa, ndipo kunena zoona ankatopetsa.

Mwana wawo Elube, yemwe ankaphunzira zaunamwino, anapeza mwamuna, tsiku la chinkhoswe n'kuikidwa. Nanga chinkhoswe chopanda thobwa n'chinkhoswe? Akazi awo, a Nangozo, anaviika chimanga, n'kuchithira m'thumba kuti chimere. Mwatsoka kwawo kwa a Nangozo kunagwa maliro, ndipo ananyamuka ndi Elube.

"Bambo a Elube, muzingowaza timadzi m'mawa," anatero a Nangozo. "Chikakuvutani mufunse a Nachisale."

A Nachisale anali oyandikana nawo nyumba, katswiri wa thobwa, koma mwana wawo wamkazi anali asanakwatiwe. Kwa a Mphonde umenewo unali umboni wokwanira wakuti mayiwo ali ndi kaduka.

Tsiku lachitatu anapisa dzanja m'thumba muja, n'kulichotsa msangamsanga. Munali mofunda ngati m'khwapa mwa nkhuku yofungatira, chonsecho thumbalo linali pamthunzi, kutali ndi moto.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa. Koma wowayankha panalibe.

A Nachisale anasuzumira pampanda. "Kodi chimera chikuyenda bwanji, bambo? Chayamba kufunda?"

A Mphonde anawayang'ana mokayikira. Adziwa bwanji kuti chafunda ngati si iwo achita?

"Zikomo mayi, kuno kulibe chofunda. Pitirirani!"

Pomwepo anakhuthulira chimera chonse mumgolo wapulasitiki, n'kuthiramo madzi kuti azimitse moto wamatsengawo. Anatseka chivundikiro, kumanga ndi mphira, iwo n'kukhala pamwamba, chibonga chili m'manja.

Patapita masiku awiri mgolo unatupa. Kenaka unayamba kulira kuti tsiii pansi pa mwini wake, fungo lowawasa likutuluka.

"Ichi n'chiyaninso?" anafunsa a Mphonde, thukuta lili kamukamu. Anadziyankha okha kuti mankhwala akwiya chifukwa atsekeredwa, ndipo anawonjezera mphira wachiwiri.

A Nangozo ndi Elube atabwera n'kutsegula, ngakhale galu anathawa. Chimera chonse chinali chitaola, chili nandenande.

"Atilodza a Nachisale!" anakuwa a Mphonde. "Chinatentha chokha popanda moto!"

Elube anagwira dzanja la bambo ake n'kuliika pamphumi pawo pomwe. "Ababa, apa pakufunda. Wakusonkhezerani moto ndani?"

"Ine ndine wamoyo."

"Nayonso mbewu ndi yamoyo. M'thupi mwanu muli timaselo ting'onoting'ono timene timaphwanya chakudya pogwiritsa ntchito mpweya umene mumapuma. M'menemo ndi m'mene mumachokera mphamvu zolimira, ndipo kufunda kumatsagana nazo. Chimanga chikamamera chimachitanso chomwecho: chimadya ufa wake womwe, chimapuma, n'kumafunda. Inu mwachimiza m'madzi n'kuchitseka mphuno. Chinayesa kupirira popanda mpweya, ndiye kuwawasa munamvako, mpaka chafa."

A Nangozo anakhala pansi n'kulira, pakuti kunatsala masiku anayi okha, osakwanira kumeretsa china, kuyanika ndi kugayitsa. Manyazi akewo, alendo kudzamwa madzi pachinkhoswe cha mwana wawo yekhayo!

Amene anawapulumutsa ndi a Nachisale omwewo. Anabwera ndi ufa wa chimera chawo, n'kuphika migolo iwiri ya thobwa osanenapo kanthu.

Tsono mukudziwa mwambo wathu: mwini khomo ndiye amayamba kulawa, kuti alendo amwe mosaopa. Tsiku la chinkhoswe, anthu onse akuyang'ana, a Nachisale anagwada n'kupereka chikho kwa a Mphonde. Iwo anachilandira. Anatsinzina, n'kumwa ngati munthu wotsanzikana ndi dziko. Anadikira imfa, koma sinabwere. Kenaka anapempha chikho chachiwiri.

"Kodi bambo," anafunsa a Nachisale mokweza, "pamene chinkafunda chija, simunadzifunse kuti n'chiyani?"

"Ndinafunsa kawiri konse," anayankha a Mphonde, maso ali pansi.

"Munkafunsa ndani?"

"Thumba ndi mgolo."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndipo a Nangozo, akupukuta misozi yachiseko, ndiwo anamaliza nkhani: "Mwaonatu amuna anga, ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri."